Sitika yofiira ndi mpando wa malume

Pabalaza pathu ku Smethwick, kuno kudziko la azungu, pali chithunzi chimene ndimachifulatira alendo akabwera. Ndi cha ukwati wa Tadala, mwana wa malemu mlongo wanga, ndipo ine mulibemo. Mlendo akafunsa chifukwa chake, akazi anga amangondiloza ndi mlomo n'kupita kukatereka tiyi. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi, choncho imvani nonse lero, nkhaniyi ithere pompano.

Munali mu 2008. Tadala tinamulera ndife mayi ake atamwalira. Anaphunzira unamwino kutsanzira akazi angawa, kenako anapeza mnyamata wa ku Germany dzina lake Matthias, wofatsa, wosunga nthawi mochita kunyansa. Ukwati anati ukachitikira kwawo kwa mnyamatayo, mumzinda wa Cologne. Pamsonkhano wa komiti ya ukwati ndinaimirira n'kulengeza kuti mwana wa mlongo wanga sakwera galimoto ya munthu wina pa tsiku lake. Malume ndine, mwini mbumba, ndipo ndinalonjeza mlongo wanga ali gone m'chipatala ku Lilongwe kuti mwanayu ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo la banja lake. Amayi ena anaimba nthungululu, ine ndinakhala pansi mapewa atatukuka.

Galimoto imene ndinkadalirayo inali ya dizilo, ya anthu asanu ndi awiri, yomwe ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito ku Oldbury. Ndikailiza m'mawa, mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankatseka mawindo ndi kuanula zovala. Ine ndinkati utsi ndi umboni wakuti injini ikudya bwino.

Kutatsala miyezi iwiri, Matthias anaimba foni. Anati chaka chimenecho kwawo kwayamba lamulo latsopano loteteza mpweya: galimoto iliyonse yolowa pakati pa mzinda iyenera kukhala ndi sitika yozungulira pagalasi lakutsogolo, yosonyeza kuchuluka kwa utsi wake. Yobiriwira ndi ya galimoto zaukhondo, yachikasu ya zapakatikati, yofiira ya zofuka. Yopanda sitika siloledwa kulowa, ngakhale yochokera kunja. Ndinamuthokoza mwaulemu, nditadula foni ndinaseka. Galimoto ya mkwatibwi anaiimitsapo ndani? Kwathu ngakhale pa rodibuloko wapolisi amangokweza chitsulo n'kupempha kuti mumusungire keke.

Koma ndinakwatira namwino, munthu woti akamva kuti mankhwala amwedwe katatu amamwetsa katatu. Akazi angawa, Mayi a Chisomo, anatenga bulubuku ya galimoto, anajambulitsa, anadzaza mafomu n'kutumiza. Patatha masabata atatu kunabwera envulopu. Sitika yathu inali yofiira psuu, pakati pali nambala 2 (malo amene kusukulu sindinafikepo), m'munsi atalemba nambala ya galimoto yathu. Anaimata okha pakona ya galasi, kutsogolo kwa chiwongolero, n'kuisisita ndi chala ngati akumata bandeji.

Lamlungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi kwathu ku Handsworth, ndinapeza a Tembo ataima pa galimoto yanga manja ali kumbuyo. A Tembo ndi a ku Chipata, ndipo iwo ndi akazi awo ndi amene anasankhidwa kunyamula zakudya ndi zokuzira mawu pa ulendowu. Galimoto yawo inali yatsopano, sitika yawo yobiriwira, ndipo anali ataimika pafupi ndi yanga dala.

"Akulu, yanu yabwera ya red?" anatero mokweza kuti anthu amve. "Mmm, pepani. Ku ward kwathu patient akamuika red, timayamba kufonera achibale kumudzi."

Anthu anasonkhana ngati pagwa ngozi. Wina anafunsa ngati galimotoyo yalandira kale mgonero. Mayi wina wa mu komiti anapukusa mutu n'kukumbutsa kuti mitundu ya ukwati ndi yoyera ndi yapepo, chofiira chikaononga zithunzi. Akazi anga anafotokoza katatu konse kuti chaka chimenecho yofiira inkaloledwabe kulowa, chachikulu n'chakuti ikhalepo. Ndinawamva, koma phwete la a Tembo ndi limene linandiperekeza mpaka kunyumba.

Lachinayi, mawa lake tikunyamuka, akazi anga ali kuntchito, ndinatsuka galimoto mpaka inawala. Ndikati ndibwerere m'mbuyo ndiiyang'ane bwino, diso linkangogwera pa chipsera chofiira chija. Pamenepo ndinapeza nzeru. Ndinati ndiimatule bwinobwino, ndiisunge m'thumba, wina akafunsa ndidzangoitulutsa ngati chiphaso. Ndinatenga lezala ku bafa.

Amene anapanga sitika ija ankawadziwa anthu ngati ine. Simatuka yathunthu. Inayamba kung'ambika tizidutswa ngati khungu la tomato wowiritsa, ndipo nditafika pakati ndinazindikira kuti kubwerera sikutheka, kupitiriza n'kupusa. Ndinapitiriza. Tizidutswato ndinatolera mu envulopu yake yomwe ija n'kuika m'thumba la jekete la suti. Pagalasi panatsala mkombero wa guluu, ndipo ndinauphimba ndi chipewa changa chimene ndinachikhazika pakonapo ngati chimakhala pomwepo masiku onse.

Ulendo unayenda bwino moti ndinayamba kudziona wochenjera. Mayi a Chisomo anakwera atangoweruka, anagona mpaka ku Dover, anadzuka m'sitima ya pamadzi kudya mpunga umene tinanyamula, n'kugonanso. Palibe anafunsa za chipewa.

Loweruka m'mawa Tadala anavalira kunyumba kwa azakhali a Matthias, kunja kwa mzinda. Ukwati unali wa ku ofesi ya boma, 11 koloko, ndipo banja lililonse limapatsidwa mphindi makumi awiri. Mukachedwa amalowetsa ena, inu mukalembetsenso tsiku lina, mwina patatha miyezi. Matthias anali atandiuza zimenezi mochita kundigwira dzanja. Koma ine ndimadziwa mwambo: mkwatibwi wofika pa nthawi yake amaoneka ngati akuchita kupempha banja. Ndinapereka malangizo, ndinapemphera pemphero lotchula akufa ndi amoyo, ndipo tinanyamuka hafu pasiti teni pa ulendo wa mphindi makumi awiri. Tadala anali kumbuyo, wokongola ngati mayi ake, akazi anga pambali panga, a Tembo akutitsatira.

Titangotuluka pageti ndinagwira hutala. Ukwati wopanda hutala ndi maliro. Ndinaliza monga timachitira kwathu, kawiri motalika, katatu mofupika, maliboni akuuluka, anthu a panjinga akucheuka. A Tembo kumbuyo anali chete, ine n'kumati ndi nsanje. Tinafika pa chikwangwani chosonyeza poyambira dera loletsedwa lija, ndipo patsogolo pake pang'ono wapolisi wamkazi anakweza dzanja.

Anafunsa m'Chingerezi chabwino kuposa changa ngati m'galimoto muli wodwala. Ndinati ayi, muli mkwatibwi. Anasuzumira, anamwetulira, anamufunira Tadala mafuno abwino, n'kundipempha kuti hutala ndiisiye. Anali atabwerera kale m'mbuyo kuti tidutse. Nthawi yomweyo injini yanga, imene inkadya bwino ija, inatsokomola. Utsi unatuluka wakuda bii n'kukuta galimoto ya a Tembo. Wapolisi uja anayang'ana utsiwo, anazungulira kutsogolo, n'kuyamba kufufuza pagalasi.

Atafunsa za sitika, akazi anga ndi amene anayankha, mosatekeseka konse.

"Ilipo, ndinamata ndekha. Bambo a Chisomo, chotsani chipewacho."

Tsoka silinunkha, koma ili linanunkha dizilo. Ndinachotsa chipewa pang'onopang'ono ngati ndili pamanda. Panaoneka mkombero wa guluu, ndi kachidutswa kamodzi kofiira kamene lezala linakaphonya.

Ndinatsika. Ndinayesa njira zonse zimene zinandipulumutsapo pa msewu wa ku Dedza. Ndinapinda manja, ndinamutchula bwana, ndinamuuza kuti mwanayu ndi wamasiye ndipo tachokera kutali. Ataona kuti sindikutha anangonena kuti akufuna sitika. Apa ndiye ndinachita chinthu chimene chimandidzutsabe thukuta ndikachikumbuka. Ndinapisa m'jekete n'kumupatsa envulopu ija monyadira.

Anakhuthulira tizidutswato m'dzanja lake n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa, mosanyoza, ngati munthu wofuna kuphunzira, kuti kodi ndikutanthauza kuti chilolezo ndinali nacho, n'kuchipala ndekha? Chifukwa chiyani?

"Muyankheni," anatero akazi anga pawindo, mawu ali pansipansi. "Inenso ndikufuna ndimve."

Ndinati sinkagwirizana ndi mitundu ya ukwati.

Wapolisi uja anatembenuka kaye, mapewa akugwedezeka, kenako anabweza nkhope ya ntchito. Anati pali chindapusa, ndipo galimotoyi sipitirira pamenepa, ndiibweze ndikaiimike kunja kwa chikwangwani. Sitika ina ndingaipeze kumalo oyezera galimoto, koma osati m'mphindi khumi ndi zisanu zimene zinatsala.

Ndinacheukira kwa Tadala. Anangokweza nsalu ya kumaso n'kunena kuti, "Amalume, nthawi." Sanakalipe, sanalire. Akanandilalatira bwenzi zili bwino, chifukwa mawu awiri amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene akazi anga ananena pambuyo pake, ndipo ananena zambiri.

A Tembo anabwera akutsokomola utsi wanga. Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke, ndipo chimenecho sindinawakhululukirebe. Anangotsegula chitseko n'kumugwira Tadala dzanja. Galimoto yawo inali itadzaza mpaka kudenga ndi mabokosi a chambo, mapoto a mpunga ndi zokuzira mawu. Mkwatibwi anakhala kutsogolo atakumbatira diresi, Mayi Tembo ndi akazi anga anapanikizana kumbuyo aliyense atafungata poto. Malo anga panalibe, komanso wapolisi anali akulimbana ndi kalembedwe ka dzina langa. Galimoto ikunyamuka, Tadala anatsitsa galasi n'kundiuza kuti ndithamange.

Ndinathamanga, abale. Nditamaliza za apolisi n'kuimika galimoto, ndinaliyatsa liwiro nditavala suti ndi nsapato zatsopano, mapu ali m'manja. Sitima za mumsewu zinkandidutsa, koma ndinaopa kukwera yolowera kwina n'kukapezeka ku Poland. Zidendene zinasupuka, tayi inapita kumsana. Mpweya wake unalidi wabwino, zimenezo ndivomere, ndinaupuma wambiri.

Ndinafika patapita mphindi makumi atatu ndi zisanu. M'kati munali kale banja lina. Athu anali pamasitepe akuwazana maluwa, Matthias akumwetulira, chala chili ndi mphete. Anali atalowa kutatsala mphindi ziwiri. Mwana amene ndinalonjeza kumuperekeza mpaka pakhomo anali atafikitsidwa ndi munthu wa ku Chipata, akununkhira chambo.

Ndinaima patali ngati wogulitsa mtedza. Tadala anandiona, anatsika masitepe atakweza diresi, n'kundikumbatira ndi thukuta langa lomwe. Anandiuza kuti pambali pa mkwatibwi panali mpando wa kholo, ndipo mkulu womangitsa ukwati ataona kuti ndi wopanda munthu anapempha a Tembo kuti akhalepo.

"Ndinakana," anatero. "Ndinawauza kuti mpando uwo ndi wa amalume anga, ali m'njira."

Misozi inangotuluka yokha. Ndinauza anthu kuti ndi utsi. Mayi a Chisomo anafunsa kuti utsi wake uti, poti ndinali nditausiya kunja kwa mzinda.

Pobwerera sanagone ngakhale pang'ono. Anandiyang'ana kuchokera ku Cologne mpaka ku Smethwick, ndipo m'sitima ya pamadzi mpunga anadya okha. Ku tchalitchi nkhani inatifikira patsogolo. A Tembo mpaka lero sanaitchulepo, amangondipatsa moni waulemu kwambiri, n'kufunsa ngati kunyumba kuli malezala okwanira.

Patatha mwezi chithunzi chinabwera. Tadala akusayina, Matthias pambali pake, makolo a mnyamata, akazi anga, ndi mpando umodzi wopanda munthu pafupi ndi mkwatibwi. Mayi a Chisomo anapita kumasitolo a ku Cape Hill, anagula timasitika tofiira tozungulira tija amamata pa mafayilo, n'kumata kamodzi pampandopo. Sanamate pagalasi la felemu ayi, anamata pa chithunzi penipenipo, n'kusisita ndi chala. Nditadandaula kuti akuononga chithunzi cha mwana, anandiuza kuti lezala lili ku bafa.

Tsiku lina ali kuntchito ndinachitsitsa pakhoma, ndinatsegula felemu, ndinayesa m'mphepete mwake ndi chikhadabo. Ndikuganizabe kuti chofiira sichigwirizana ndi zoyera ndi zapepo, ndipo palibe adzandisinthe maganizo. Koma ndinaona kuti kakamatuka katenga ndi mpando womwe, ndipo mpando umenewo anandisungira ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinatseka felemu n'kuchibwezera pamsomali pake.