Kachilembo Kamodzi ndi Thireyi ya Amayi

Ndine ndinayambitsa, koma musayembekezere misozi.

Ku kalabu ya sayansi pasukulu pathu ku Kabulonga (ine ndimachokera ku Kabwata pa minibasi, musandiyese mwana wa mumpanda), aphunzitsi athu a Tembo anatisonyeza kapangidwe ka kaantena kokoka Wi-Fi: kachidutswa ka kopa kophwatalala, komatidwa pa kabolodi, kochepa ngati bokosi la machesi. "Apa nkhani ni saizi," anatero. "Ukaphonya milimita imodzi, wapanga chokongoletsa chabe." Awiri opanga kabwino ndiwo adzapite ku mpikisano wa m'chigawo, ndipo malowo ndinkawafuna.

Tsoka lake anandiphatikiza ndi Dalitso, msuweni wanga wokhala kwathu, purifekiti amene sabata yomweyo anandilemba dzina chifukwa cha sokosi. Tsiku la phunzirolo iye anali ku msonkhano wa mapurifekiti, ndiye anandilamula kuti ndimukopere miyeso. Ndinakopera bwinobwino, 38 ndi 29. Kungoti pa mm ndinalemba cm.

Ndinkati azindikira akangogwira rula. Ayi ndithu, munthu wa baji safunsa. Kopa wamkulu choncho sanamupeze, ndiye Loweruka ndinamupeza kuseri kwa nyumba akucheka thireyi yomwe amayi amaphikira masikono.

"Iwe Dali, uchita chani?"

"Sayansi, mufana. Siungamvele."

Ndinamusiya. (Inuyo mukanatani?)

Lolemba analowa nacho chiantena chakecho m'kalasi atachikumbatira pachifuwa. A Tembo anachizungulira kawiri.

"Ba prefect, iyi ni antena olo ni chitseko cha khola ya nkhuku?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Dalitso anatulutsa pepala la miyeso lija. A Tembo sanavutike n'kufunsa mwini zolemba: ine ndinali kale pansi pa desiki, misozi ya chiseko ili mbwee.

Ku mpikisano anandichotsa. Chimenecho chinawawa, ndisaname. Kunyumba amayi anagula thireyi ina, koma masikono ndinkangowamva fungo mwezi wathunthu. Chilango cha a Tembo chinali chakuti ndipange kaantena kolondola ndekha, anzanga ataweruka, ndikupala kopa mpaka zala matuza.

Koma kaantena sikayesedwa ndi pakamwa. Kamafuna Wi-Fi, ndipo pasukulu pathu ilipo ya aphunzitsi yokha. A Tembo anakoka laputopu n'kuyamba kulemba pasiwedi. Bambo amenewa ali ndi chizolowezi chimodzi chokoma: akamalemba amatchula zilembo mokweza.

Ulendo uno sindinaphonye ngakhale kachilembo kamodzi. Funsani giredi 11 yonse.