Sabata Yoseketsa Apongozi

Lolemba

Apongozi sakudyabe. Chimwalirireni amuna awo amangokhala pamkeka kuyang'ana khoma. Phala masipuni awiri, basi. Namwino wanena mosabisa kuti akapitiriza chonchi awagoneka m'chipatala. Akutinso, "Matenda awa ndi a mumtima, asangalatseni."

Asangalatseni! Apa akunena ine. Pa siteji ya kabaza pa Chitakale ndani sandidziwa? Ndikatsegula pakamwa anyamata amagwira nthiti. Kasitomala wina anatsala pang'ono kugwa panjinga ndi phwete.

Vuto ndi limodzi: ndine mkamwini. Ine ndi apongozi sitiyang'anizana, tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa. Ndiye nzeru ndi iyi: ndizicheza ndi mkazi wanga mokweza, pansi pa windo lawo.

Mkazi wangayo, mayi a Tadala, akuti, "Musayerekeze." Nsanje basi. Pofika Lamulungu apongozi akhala ataseka ndi kudya.

Lachiwiri

Ndayamba ndi kutsanzira anthu. Lero ndi a Makwinja, aneba athu, momwe amaimbira besi kutchalitchi ngati tonde womangidwa padzuwa. Ndachita bwino kwambiri, ineyo misozi ya chiseko mbwembwembwe.

Zotsatira:
- mayi a Tadala, nkhope gwa
- apongozi, zii
- akazi a Makwinja, omwe amayanika zovala kuseri kwa mpanda, amva zonse.

Abwera kudzatenga wilibala yawo. Sanapereke moni.

Lachitatu

Lero ndatulutsa nthabwala imene sinalepherepo: kapitawo wa ku esiteti akukalipira otchola tiyi. "Masamba awiri ndi kansonga! Mukutchola tiyi kapena ndiwo?" Mawu okhuthala, kakhosomole kake ndaikapo.

M'nyumba mwamveka kanthu. Ndatsina mayi a Tadala: mwamva?

Si kuseka. Ndi kulira.

Ndinaiwala kuti malemu anali kapitawo. Kapitawo amene ndakhala ndikutsanzira zaka zonsezi ndi iwowo, kakhosomole ndi kawo. Mtima wandipweteka, sindinama. Komabe mfundo ndi yakuti mawuwo anawazindikira pompo. Luso lilipo.

Lachinayi

Kuseka anthu ena ndasiya, kumabala milandu. Ndidziseka ndekha, palibe angadandaule.

Ndafotokoza za mutu wanga umene chipewa cha njinga chimakana. Za mayeso a Sitandade 8 amene tinadziwana nawo bwino chifukwa chokumana kawirikawiri. Za tsiku limene ndinanyamula nkhumba kupita nayo ku Limbuli, nkhumba n'kufika pamsika, ine n'kutsala m'ngalande.

Apongozi aitana mwana wawo. Ndadikira panja. Mayi a Tadala atuluka ndi uthenga: "Akuti ngati banja likundivuta ndisabise, ankhoswe alipo."

Phala labwerera lonse.

Lachisanu

Mawu akanika, tiyese thupi. Ndavala duku ndi chitenje cha mayi a Tadala, ndamanga masamba a nthochi kumsana, ndayamba tchopa pabwalo, poonekera pawindo. Ng'oma ndi chigubu, woimba ndine, wovina ndine. Fumbi koboo! Nkhuku balala!

Potembenuka ndangoona mabulauzi oyera. Amayi a Mvano, adzapemphera ndi wodwala. Patsogolo akazi a Makwinja.

Apemphereratu anthu awiri. Ine andigwaditsa pakati, duku lili kumutu.

Loweruka

Apongozi lero sanadzuke n'komwe pamkeka. Ndachita mantha. Mayi a Tadala alira kukhitchini, kenako akuti, "Lizani njinga, mukatenge a Jailosi ku Limbuli." A Jailosi ndi msuweni wa apongozi, nkhalamba yopanda mano, nthabwala imodzi sindinaimvepo kwa iwo. Njira yonse angodandaula mabampu.

Tafika. Odi sanapange. Angolowa n'kuyamba kukuwa:

"Mkazi wanga, sunafebe? Ine ndabwera ndi chingwe kudzatenga mbuzi zako. Ngati ukufa fulumira mvula isanayambe, adzukulu asavutike kukumba."

Ine thukuta. Munthu wodwala, wamasiye, kumuuza zimenezo?

M'katimo mawu ofooka: "Galu iwe. Mano anatha koma pakamwa sipatha."

Kenako chikhakhali! Apongozi! Mpaka kutsokomola!

Ndakhala pansi pa windo kumvetsera, kuti mwina nditolepo njira yake. Njira palibe. Angotukwanana, kukumbutsana za ali ana, kulira pang'ono za malemu, kutukwananso. Zimene angathe kunena msuweni, mkamwini atazinena angamulongedzere katundu.

Lamulungu

Kutchalitchi a Makwinja aimba besi akundiyang'ana m'maso. Ndawerama.

Kunyumba ndapeza fungo la kalongonda, nyemba zija zochedwa kupsa. Apongozi anaitanitsa okha dzulo, wakhala pamoto chiyambire m'mawa. Adya mbale yonse, afunsanso nanazi. Za chipatala zatha.

A Jailosi akadalipo. Ndikudutsa kuseri ndamva apongozi akuwasimbira: "Sabata yonse mwamuna wa mwana wanga amabwebweta pawindo langa. Lachisanu anavala duku. Ine ndimati wapenga, ndimaopa kufa n'kumusiyira mwana wanga wamisala." Ndasuzumira pang'ono. Aimirira, akuonetsa momwe ndimavinira! A Jailosi agubuduka pamkeka.

Chabwino. Ndavomera. Pakhomo pano woseketsa si ine, ndine wosekedwa. Nthabwala zanga ndizisiya pa siteji, apa ndizingodula nkhuni.

Koma tinene zoona. Anakatenga a Jailosi ndani? Nanga akuseka za ndani?

Mayi a Tadala andibweretsera kalongonda wotsala. Akuti apongozi anena kuti dukulo ndisunge, limandikhala.