Likhweru la a Radoje pa Mphindi ya 38

Aliyense wa kuno ku Brezovik amene anakonzetsapo TV kwa malemu a Radoje Peleš akudziwa kuti TV yako sinkatuluka m'shopu mwawo usanaonere kanema wa Akhwangwala a Chitsulo mpaka mphindi ya 38. Ankati akuyesa ngati yachira. Bodza lenileni. Ngakhale ubweretse ayironi, ankakukhazika pampando n'kulowetsa tepi ija.

Akhwangwalawo linali gulu la nyimbo za roko limene linatizunguza mitu tili anyamata. M'chilimwe cha 1974 anaimba masana pabwalo la mpira mumzinda, anthu zikwi makumi awiri, ndipo a wailesi yakanema anajambula. Patapita zaka anamuonetsanso kanemayo, a Radoje n'kumukopera pa tepi. Zithunzi zake zinali mbuu, mawu ake ngati mvula pamalata. Koma pa mphindi ya 38 waya wa gitala umaduka, bwalo lonse limati zii, ndipo patali pamamveka likhweru.

"Mwamva? Ameneyo ndi ine!" ankatero a Radoje chala chili m'mwamba.

Nkhani yake ndinaimva kambirimbiri, pakuti ine ndine kum wawo, amene ndinawaimira pa ukwati. M'sitima yopita kumzinda anakumana ndi mtsikana wina dzina lake Smilja. Pachipata anatayana m'chigulu cha anthu. Wayayo ataduka, iwo anaika zala ziwiri m'kamwa n'kuliza likhweru, mtsikanayo n'kutembenuka, n'kuwaona. Chaka chotsatira tinavina ukwati.

Vuto linali loti mayi Smilja nkhaniyi ankaikana.

"Likhweru lanji? Ine wina anandiponda phazi, ndiye ndinatembenuka kuti ndimutukwane. Mwatsoka ndinaona inuyo."

"Ndiye kadontho aka kakutembenukaka ndi ndani?" a Radoje ankagogoda pagalasi la TV.

"Imeneyo ndi ntchentche, bambo. Pukutani galasi lanulo."

Zaka makumi anayi ndi mphambu akukangana nkhani imodzi yomweyo! Lamlungu lililonse tikadya nkhomaliro tinkasonkhana m'shopumo: ine, Stevan wa bekale ndi wansembe wathu, bambo Jovan, amene ankati amangobwerera rakiya, kachasu wathu wa kuno. Mayi Smilja ankabweretsa khofi n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Kubwereza likhwerulo a Radoje sakanatha. Mano akutsogolo anawasiya kwa dokotala kalekale, ndipo akayesa ndi oikirirawo pankangotuluka mphepo ndi malovu. Umboni wonse unali mu tepi ija.

Ndiye tsiku lina Stevan analowa ufa uli m'nsidze. "Anzanga, amutsuka kanema uja! Kampani ina ya kulikulu yamukonzanso, ali pa chimbale. Akuti ukhoza kuwerenga tsitsi la woimba ng'oma limodzilimodzi."

A Radoje anaitanitsa chimbalecho tsiku lomwelo. Anagula TV yaikulu ngati chitseko, n'kupachika masipika asanu m'ngodya zonse, ina pamwamba penipeni pa chithunzi cha Nikola Woyera. Bambo Jovan anaiyang'ana, n'kuyang'ana rakiya wawo, n'kumwa.

Abale, zimene anachita anthu a kampani ija ndi zodabwitsa. Mvula ya pamalata ija inatheratu. Woimba gitala wa besi, amene kwa zaka zonsezo tinkangomuona akugwedeza mutu, tinamumva koyamba, mpaka makapu akunjenjemera pathebulo. Tinamva zala zikuyenda pa mawaya. Malaya a woimba wamkulu, amene tonse tinkalumbira kuti ndi otuwa, anapezeka kuti ndi ofiira. Stevan anagwetsa misozi ataona kuti anyamata aja anali ana chabe, ziphuphu zili tho kumaso.

Mphindi ya 38 inafika. A Radoje anaimirira, chala m'mwamba. Waya unaduka. Bwalo linati zii. Zii woyera bwino, wotsukidwa, wopanda kalikonse. Kenaka nyimbo inayambiranso.

Chala chija chinakhalabe m'mwamba kwa nthawi ndithu.

"Kume, bwezera," anandiuza. Ndinabwezera katatu. Palibe.

"Mwaona?" anatero mayi Smilja ali pakhomo. "Ngakhale akatswiri a kulikulu sanalimve."

A Radoje analemba makalata asanu ndi awiri. Yankho linabwera limodzi, laulemu kwambiri: pokonza mawu anachotsa phokoso lonse losafunika, monga kutsokomola, mphepo ndi kulira kwa masipika. Kalatayo anayenda nayo mumsika monse. "Phokoso losafunika! Ana atatu ndi zidzukulu zisanu zinachokera m'phokoso losafunikalo! Akanachotsa woimba ng'omayo, amene amathamanga ngati akuthawa galu!" Kwa milungu iwiri TV yaikulu ija anaifunditsa bulangete ngati yalakwa.

Amene anaivundukula ndi bambo Jovan. Anati iwo makutu awo anatha ndi mabelu, choncho tsiku lija ankangoyang'ana, ndipo anaona kanthu. Tinaimitsa kanemayo pa mphindi yomwe ija. Kumanzere m'munsi, pamene panali ntchentche ija, panali mtsikana wa tsitsi lalitali, wovala bulauzi ya madontho, nkhope yake ikuoneka bwino ngati wajambulidwa dzulo. Ankatembenuka. Ndipo akumaliza kutembenukako ankaseka.

A Radoje anakhala pansi osayang'ana kuti mpando uli pati. Mwamwayi Stevan anaukankhira pansi pawo.

"Smilja! Munthu wopondedwa phazi amaseka chonchi?"

Mayi Smilja anavala magalasi, n'kuyandikira. Anayang'ana nthawi yaitali. "Bulauzi imeneyo inali ya mchemwali wanga," anatero. "Ndipo likhweru sindikulimvabe."

Apa m'pamene panayambira mavuto anga. Tepi yakale inali ndi likhweru yopanda nkhope, chimbale chinali ndi nkhope chopanda likhweru. A Radoje anati tiziseweretsa zonse ziwiri nthawi imodzi: zithunzi kuchokera ku chimbale, mawu kuchokera ku tepi. Iwo batani lawo, ine langa.

"Ndikati zitatu, udine. Imodzi, ziwiri…"

"Ndidine pa zitatu penipeni, kapena mukamaliza kunena zitatu?"

"Kume, unatha bwanji kuyendetsa basi zaka makumi atatu ndi mutu umenewu?"

Makina a tepi anali okalamba, ankayenda mwaulesi kukazizira n'kumathamanga akatentha. Tsiku lina mtsikanayo ankatembenuka likhweru lisanalire, mayi Smilja n'kuwomba m'manja. Tsiku lina likhweru linkalira iye akukanda mphuno. A Radoje anafika pomawotha makinawo ndi chowumitsira tsitsi kwa mphindi zinayi ndendende, n'kumayerekeza zonse ndi kuduka kwa waya kuja, pakuti kumamveka konsekonse. Chala changa chinatupa. Mkazi wanga anafunsa ngati ndasamukira kumeneko.

Lamlungu lachisanu zinagwirizana. Waya unati phwe pa tepi ndi pagalasi nthawi imodzi. Zii. Likhweru linalira m'kati mwa mvula ija, ndipo pomwepo, osachedwa ngakhale kuphethira kwa diso, mtsikana uja anatembenuka n'kuseka. Tonse tinakuwa. Bambo Jovan anadzilemba mtanda ndi dzanja logwira kapu, rakiya n'kutayikira m'ndevu.

"Nanga pano?" anafunsa a Radoje.

Mayi Smilja anatolera makapu imodziimodzi. "Zinangokumanizana. Phazilo linatupa masiku atatu."

Ine ndinapsa mtima, sindibisa. Koma a Radoje anangoseka n'kunditsinzinira diso. "Usadandaule, kume. Lamlungu likubwerali tiyesanso."

Tinayesadi, zaka zina zitatu. Tepi ija inaonda pamalo pomwepo chifukwa chobwezeredwa, ndipo m'nyengo yozizira yathayi inaduka, makina n'kuitafuna. A Radoje anaimata, inadukanso. M'mwezi wa Malichi mtima wawo unaima ali pabenchi yawo, sikuludilaiva ili m'manja.

Pa tsiku la makumi anayi chimwalirire a Radoje, titachoka kumanda n'kudya tirigu wophika wa chikumbutso, mayi Smilja anatsegula shopu ija n'kutiuza kuti tiike chimbale. Munali anthu ambiri, theka la tauni, aliyense anaonetsedwapo kanemayu mokakamizidwa. Mphindi ya 38 ikuyandikira, Stevan anandinong'oneza kuti sitingalole zii ameneyo lero. Waya utaduka, ine ndi Stevan ndi wansembe tinaika zala m'kamwa n'kuliza monga tinkamvera pa tepi: kawiri m'mwamba, kamodzi pansi. Linamveka ngati maketulo atatu obowoka.

"Ayi, ayi, mwalakwitsa," anatero mayi Smilja. "Likatsika limakweranso pang'ono kumapeto, ngati munthu akufunsa. Tepi ija sinagwire kumapetoko."

M'shopu monse munati zii kuposa wa pa chimbale uja.

"Kuma," ndinatero kwa mayi Smilja, "nanga phazi lija?"

"Phazi lanji?" Anapukuta magalasi awo ndi mpango wakuda. "Ndikanavomera, nkhani ikanathera pomwepo. Chonchi anandiitana Lamlungu lililonse kwa zaka pafupifupi makumi asanu. Ndi mkazi uti kuno amene anaitanidwapo chotero?"

Shopu ija pano ndi yotseka, ndipo TV ikawonongeka anthu amangogula ina. Lamlungu masana msewu wathu umakhala chete moti ndimamva wotchi ya kukhitchini. Ndimawasowa a Radoje, chala changa chimawasowanso. Anthu a kampani aja ndinawatukwana nawo limodzi zaka zitatu, koma tsopano ndinawalembera kalata yachisanu ndi chitatu, yothokoza. Anatichotsera likhweru, inde, koma anabwezera mnzanga nkhope ya mtsikana wake akadali ndi maso oti aione.

TV yaikulu ija ili kuchipinda chochezera kwa mayi Smilja. Lamlungu ndikamadutsa ndimamva besi ikugwedeza mawindo, kenaka pamabwera kachete kaja. Sindigogoda. Pamenepo pali amene akumva zimene ife tonse sitinamvepo.