Mmene Ndinaumitsira Nyanja ya Chilwa ndi Kalongonda

Amene akuti ndine wabodza aimike dzanja ndimuone. Ndamva kuti ena mumaseka ndikangotembenuka, makamaka inu obadwa dzulo amene mumayesa kuti kutsatsa malonda kunabwera ndi mafoni anuwo. Chabwino. Pitani kugombe la Chilwa mukafunse msodzi aliyense wa imvi ngati nyanja ija sinaume m'zaka zoyamba za matipate. Akakuvomerani mubwerere kuno ndikuuzeni amene anaiumitsa. Anthu ophunzira anati ndi chilala. Ndinali ine, Laisoni, ndi pakamwa pangapa.

Ndinakhala ku Bulawayo zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinapita ndi satifiketi ya Fomu 2 m'thumba la malaya, nditasiya akazi anga, malemu mayi a Rozi, ali ndi khanda kumsana, nditawalonjeza kuti pakatha zaka ziwiri ndibwera. M'makalata ndinkalemba kuti ndine manijala wa sitolo yaikulu ya mabulangeti. Pobwerera, khanda lija linali ndi ana akeake awiri, ndipo ine ndinatsika basi pa Phalombe ndi sutikesi imodzi, chipewa, ndi chimkuzamawu cha mabatire.

Mukudziwa kuti kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Nyumba ndi munda ndi zawo, iwe ndiwe mkamwini, ndipo mkamwini amayesedwa ndi khasu. Ine khasu ndinali nditaiwala kogwira. Kwathu kumene ndinabadwira, kuseri kwa phiri la Michesi, amayi anali atamwalira kalekale, malo atagawana adzukulu, moti kundichotsa pakhomo paja kunali kundigoneka pakhonde la sitolo. Alamu anga a Mulewa, achimwene awo a mayi a Rozi, ankadziwa zimenezi, ndipo m'mawa uliwonse popita kumunda ankafunsa mokweza kuti, "Kodi amanijala adzuka, kapena tidikire sekilitale?"

Zaka zonse zimene ndinali kulibe, nyumba inkayenda ndi kalongonda. Kwa amene simumudziwa, ndi nyemba zikuluzikulu zimene Mlomwe sangasinthanitse ndi nyama, koma n'zaukali. Uwiritse, usende, utaye madzi akudawo, uthire ena, uwiritsenso, mpaka kasanu ndi kawiri, kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka. Ukachita ulesi n'kudumpha madzi, wakudyayo mutu umamuzungulira ngati wamwa kachasu m'mimba mulibe kanthu. Mayi a Rozi sanadumphepo. Koma nthawi imeneyo dziko linali litatseguka, wailesi ikuimba nyimbo za sopo, za mafuta odzola, za mabisiketi, makoma a masitolo atajambulidwa anthu a mano oyera akumwetulira botolo, ndipo anthu a pa Boma anayamba kuchita manyazi kudya chinthu chochokera m'beseni. Chakudya chaulemu chinali cha m'pepala lolira poling'amba. Beseni la mayi a Rozi linkapita kumsika lodzaza n'kubwerako lodzaza.

Tsiku lina ndili pakhonde, ndikufotokozera aneba mmene ndinagulitsira mabulangeti mazana mwezi wa Okutobala kwa anthu akuchucha thukuta, mayi a Rozi anatula beseni lija pamapazi panga.

"Bambo a Rozi, pakamwa panupo ndapamva mokwanira. Tsopano ndikufuna ndipaone pakudyetsa nyumba. Ndakupatsani mpaka mvula yoyamba. Zikakanika, achimwene akuperekezani."

Sanakweze mawu. Akanakweza ndikanadziwa kuti ndi mkwiyo chabe, utha.

Ndinagula timapepala ta pulasitiki, ndinaikamo njere khumi khumi, ndinamata ndi lawi la kandulo, ndipo pa kalikonse ndinalemba ndi dzanja langa la Fomu 2 kuti BULAWAYO SIPESHO. Mtengo ndinaukweza, chifukwa chinthu chotchipa munthu amachikayikira. Ndinavala jekete, ndinakwera pamgolo pakati pa msika, n'kuyatsa chimkuzamawu.

"Zafika! Zafika lero kuchokera kunja! Zimene amadya mabwana, zimene amadya oyendetsa ndege! Mwana wanu akulephera masamu? Amuna anu akugona nkhuku zisanalowe? Nanga inu mudya liti, poti aneba anu agula kale?"

Mawu omalizawo ndiwo mankhwala onse a malonda, mukumva? Munthu angapirire njala, koma sangapirire kuti mnansi wake ali ndi chinthu chimene iye alibe. Mayi wina wachikulire anatenga paketi, naiyang'ana padzuwa, nati, "Koma bambo, ameneyu si kalongonda?" Ine ndinati, "Mayi, munayamba mwaonapo kalongonda ali m'paketi?" Anaganiza kanthawi, napukusa mutu, nagula mapaketi atatu.

Beseni linatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndinalinyamula kumutu ngati chikho cha mpira mpaka kunyumba. Mayi a Rozi analiyang'ana, nayang'ana kumwamba, nati, "Mvula sinagwe." N'kuthira nkhuni pamoto.

Woyamba kuchitira umboni anali bambo wina wa njinga yonyamula anthu, amene lero mumati kabaza, yemwe anatafuna njere ziwiri zokha atakweza mayi wonenepa, thumba la mpunga ndi mbuzi, ndipo atapondapo kamodzi njinga inanyamuka, inakwera mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi osapondanso, mabuleki akufuka utsi, chipewa chake chitatsala m'malere, mayiyo akukuwa kuti iwo amatsikira pachigayo, mpaka anakaima kumalire kumene asilikali a ku Mozambique anawafunsa mapasipoti, mbuzi ndi yomwe. Ndipo mawu anga aja sankathera pamsika ayi, ankamenya phiri la Mulanje n'kudumphira ku Michesi, Michesi n'kuwabwezera ku Mulanje, akuponyerana choncho masiku atatu, moti ine ndinkalankhula Lolemba lokha, Lachiwiri ndi Lachitatu mapiri ankandigwirira ntchito ulele, ndipo mawu ena anawoloka malire n'kubwerako ali m'Chipwitikizi, akutsatiridwa ndi njinga mazanamazana za anthu ofuna kudziwa kuti chafikacho n'chiyani. Mukumva? Wandale wina anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira, atabweretsa nsalu ndi ovina, koma anthu atangomva kuti "Zafika!" anamuthawa onse, ovina ndi ng'oma zawo zomwe, iye n'kutsala akulonjeza mlatho kwa dalaivala wake, ndipo pomaliza naye anabwera kudzaima pamzere wanga, nandinong'oneza kuti ndizimulembera zoyankhula.

Abambo a dazi ankapaka pamutu. Ana a sukulu ankaika m'thumba tsiku la mayeso. Kutchalitchi mlaliki atafunsa kuti ndani ali ndi uthenga wabwino, mpingo wonse unayankha kuti wafika kuchokera kunja. Chilichonse chosakulungidwa chinakhala chochititsa manyazi, mpaka anthu ankaika m'mapaketi tomato, mazira, ndi nkhuku yamoyo, ndipo mbeta ina yaimuna imene atsikana onse a pa Migowi anaikana inadzikulunga m'pulasitiki, n'kulemba pachifuwa kuti wochokera kunja, n'kupeza banja sabata yomweyo. Azimayi amene kalongonda anali atayanga pampanda pawo ankabwera m'mawa kudzatigulitsa, madzulo n'kubweranso kudzamugula ali m'paketi, akuuzana kuti za kunja zimakoma mwamtundu wina.

Tsono taganizani nokha. Chigwa chonse chinayamba kuphika, poti aliyense anaona kuti m'paketi muli moyo, ndipo mphika uliwonse umafuna madzi kasanu ndi kawiri. Zitsime zinauma, mijigo inayamba kutsokomola fumbi, mtsinje wa Phalombe unatsala mchenga wokhawokha, ndiye anthu anatembenukira kunyanja ndi ndowa, migolo ndi ngolo za ng'ombe, mzere wochoka pa Boma mpaka kugombe, akupatsirana zidebe dzanja ndi dzanja, nyanja ikubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, matemba akuthamangira madzi, achule akusamuka ndi ana awo, mpaka asodzi anagoneka mabwato n'kuyamba kuyenda pa njinga pamene kale ankaponya makoka. Mlamba wina ndinakumana nawo ndekha pamsewu, uli mbuu ndi fumbi, ukufunsa kumene akugulitsa Sipesho. Ndikunama ine? Ndinaulozera njira.

Madzi atasowa, anthu anayamba kuba pakaphikidwe. Ena madzi anayi, ena atatu. Nanenso ndinapita kukhitchini.

"Mayi, makasitomala akudikira. Bwanji tidumphe madzi awiri okha? M'paketi siziwoneka."

"M'mimba zimawoneka," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Bodza lanu likhale papepala pomwepo. Mumphika mwanga lisalowe."

Kenako panabwera munthu wina wochokera ku Limbe, wa suti yoyera, ndi galimoto ya zimkuzamawu ziwiri padenga, nyimbo ikulira. Mapaketi ake anali agolide, ali ndi chithunzi cha mkango wovala magalasi. Ankati wake ndi LONDONI SUPA SIPESHO, wophikidwa ndi magetsi mphindi zisanu, dzanja la munthu osamukhudza, ndipo ankaloza anthu mmodzimmodzi n'kumafunsa kuti, "Mudakadyabe za mwezi watha?" Ine ndinaima pamgolo panga ndikumvetsera ngati katswiri woyesa mnzake. Njomba iliyonse imene ankachita ndinkaidziwa, poti zambiri anabera ine. Ndinkadziwa kuti kumene ankatchulako kulibe kalongonda. Ndinkadziwa kuti mphindi zisanu sizipsetsa ngakhale dzira la nkhanga. Koma nditaona alamu anga a Mulewa atanyamula paketi yagolide ija, akuitembenuza kuti aliyense aione, mtima wanga unati, iwe Laisoni, mpaka a Mulewa akupose? Ndinatsika, ndinagula mapaketi anayi, ndinadya onse pomwepo a Mulewa akuona.

Madzi amene wa suti yoyera uja anataya, ngati anataya n'komwe, anali amodzi.

Nditakweranso pamgolo msika unayamba kuzungulira, phiri la Mulanje linaima chadodolido, nthochi zikuvina pamabenchi, ndipo chimkuzamawu chili choyatsa, pakamwa panga pamene ndinkapadalira moyo wanga wonse panayamba kulankhula pokha popanda kundifunsa.

"Ndi kalongonda! Anthuni, ndi kalongonda wa kuseri kwa nyumba zanu! Ku Bulawayo sindinali manijala! Ndinkasesa ndi kupolisha pakhomo la sitolo n'kumaitana anthu odutsa! Zaka zonse zija ndinkaopa kubwera chimanjamanja! Kalata iliyonse ndinkailemba katatu kuti ioneke ya bwana! Esitere, ndinkakusowa, koma ndinkachita manyazi!"

Inde, mayi a Rozi ndinawatchula dzina, pagulu, ngati mwana wa sukulu. Ndipo mapiri anatola zonsezo monga mwa chizolowezi chawo. Masiku atatu, ine ndili gone pamkeka ndikusanza, Mulanje ankauza Michesi kuti ankasesa, Michesi n'kuvomera kuti ankasesadi, ndipo ku Mozambique anazimva m'Chipwitikizi. Malonda a mapaketi anafa sabata yomweyo. Wa suti yoyera anathawa anthu akumugenda ndi mikango yake.

Tsiku lachinayi mitambo inasonkhana pamwamba pa Michesi, madontho oyamba n'kuyamba kuboola fumbi. A Mulewa anafika atavala jekete lawo la milandu, nawonso maso ali psuu chifukwa cha Londoni yemweyo, nakhala pampando pakhonde.

"Chemwali, mvula ndi iyi. Malonda afa. Munthu wanuyu boma lonse lamumva. Wosesa. Ndimuperekeze?"

Ine ndinali nditatsamira chitseko, ndikuganiza kuti ndi khonde la sitolo iti limene silidontha. Mayi a Rozi anali akusenda kalongonda, ndipo anayankha akusendabe.

"Achimwene, zoti ankasesa ine ndinadziwa chaka chachiwiri. Manijala wanji amene envulopu yake imanunkha polishi wa pansi? Ndinkangodikira kuti anene okha. Achedwa, koma anena, ndipo anenera poti sangabwezenso. Asiyeni."

Kenako mayi a Rozi anandiloza ndi mpeni.

"Koma inu, kumsika basi. Kuyambira mawa ntchito yanu ndi madzi. Kasanu ndi kawiri, ndipo ndiziona."

Ndinatunga madzi amenewo zaka khumi ndi chimodzi, mwamuna ndekha pamzere wa azimayi pamjigo, akundiseka kuti amanijala a ndowa, ndipo sindinajombe mpaka tsiku limene tinaperekeza mayi a Rozi kumanda. Akanakhala pano bwenzi akukuuzani kuti pamzere panga sipanapitirirepo anthu makumi awiri, kuti wa njinga uja anangogwera m'ngalande pafupi ndi chigayo, ndi kuti mlamba sulankhula. Ankakonda kundidula pakamwa choncho pamaso pa alendo. Mukafuna akhulupirireni, ine sindilimbana ndi malemu. Koma zoti mayi amene uja anandiyang'ana ine wosesa, mvula ikugwa, n'kunena kuti asiyeni, zimenezo zinachitika, ndipo wotsutsa abwere adzatsutse ndili pano.