A Zakeyu, Osambira M'fumbi

A Zakeyu Mbewe sankayamba nthabwala atavala nsapato. Loweruka lililonse ankafika pamsika wa pa Boma la Chadiza, n'kuzivula, n'kuzisenza pamutu ngati munthu wowoloka mtsinje. Kenako ankagunda fumbi ndi chala chachikulu chakuphazi, n'kudumpha.

"Mayo ine! Azizira lero!"

Msika wonse unkafa nalo phwete, mbuzi n'kumadya mtedza wa eni ake popanda woziingitsa.

Nthabwala zawo zonse zinali za kusambira. Masiku amenewo damu la kwathu ku Zingalume linali lodzaza, ndipo mwezi wa Okutobala mitu ya anthu inkachuluka m'madzimo kuposa achule. A Zakeyu ankayerekeza mkulu wa mpingo akumira mwaulemu. Ankayerekeza mwana wofika kunyumba maso ali psuu, mayi wake akumukanda mwendo ndi chikhadabo kuti aone ngati patuluke mzere woyera.

"Sindinasambire, amayi!"

"Nanga chule ali m'kabudulayu wabwera pa minibasi?"

Koma iwo eniake sankatha kusambira. Akazi awo, a Elinata, sankawabisira.

"Bambo awa? Ngakhale m'beseni amafuna wowagwira dzanja."

"Mayi, wosambira saona anzake," ankayankha. "Ine ndimaonera pamtunda. Onse akusekawa anamwapo madzi a m'damu lija, n'chifukwa chake akuseka."

Zaka zinapita, mchenga n'kumalowa m'damu mvula iliyonse. Madzi anafika m'chiuno, kenako m'maondo. Anthu anayamba kubzala tomato m'mbali mwake. A Zakeyu sanaphonye Loweruka, koma oseka anali kumera imvi limodzi nawo.

Chaka china kunabwera anthu awiri a bungwe lina kudzafunsa ngati damulo likufunikabe kuti alikumbenso. A Zakeyu anawagwira mkono.

"Musavutike ndi mapepala. Bwerani pamsika Loweruka, mudzamve kuseka. Mukamva, mudziwa kuti kuno kuli osambira."

Alendowo anabweradi. A Zakeyu anavula nsapato, anagunda fumbi, anakuwa kuti azizira. Anagona chafufumimba pa ngolo, n'kupalasa manja mpaka thukuta kamukamu. Anadumpha ndi mwendo umodzi, mutu atapendeketsa, ngati akuchotsa madzi m'khutu. Tinaseka anthu anayi, ndipo awiri mwa ife kunali kutsokomola chabe. Achinyamata anangoti maso tong'o. Sanali amwano ayi. Sanadziwe chimene ankaona.

Lonia, wogulitsa zitumbuwa, anathamanga ndi chitenje.

"Agogo, ndi njuchi? Zakulowani m'khutu?"

Apa alendo aja ndiye anaseka. Anawapatsa a Zakeyu moni wa manja awiri, n'kukwera galimoto yawo. Sanabwerenso.

A Zakeyu ndinawaona komaliza mwezi wa Okutobala chaka chomwecho. Ndinali kudutsa ndi njinga, iwo ataima okha pakati pa damu, pomwe kale panali pakuya. Dothi linali litang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Anavula nsapato, anazisenza pamutu, anagunda pansi ndi chala. Ndinaima kudikira mawu aja.

Anayang'ana chala chawo kwa nthawi yaitali.

"Atentha lero," anatero.

Anamwalira mvula isanagwe. Pamalo pawo pamsika pano pali wogulitsa zidebe zapulasitiki, ndipo malonda akumuyendera bwino.