Malata Amene a Hosea Anakana

Ku Kambombo konse, munthu amene anazunguliza chingwe umphawi wake n'kuutcha myuziyamu anali mmodzi yekha, malemu a Hosea Goma.

Matenda a myuziyamuwa anakawatenga ku Amereka. Mwana wawo Damaris, nesi kumeneko, anawaitana, ndipo tsiku lina anapita nawo kukaona mudzi wa azungu akalekale. Anapezako kanyumba kamitengo, chitsime, chimbudzi chokumba, ndi mzungu wamkazi akuchapa pamanja kuseri kwa chingwe, anthu ali pamzere kumujambula.

"Kwagwa maliro pano?" anafunsa a Hosea.

"Iyayi atate, akuonetsa mmene anthu ankavutikira kale."

"Kale liti? Amako achita zimenezi lero m'mawa."

Pobwerako anapeza malata amene Damaris anawagulira ali pansi pa mtengo wa mango. Akazi awo, amai Jestina, anali atalengeza kale kutchalitchi kuti chaka chimenecho asiya kugona ndi mabeseni. Denga lawo laudzu linkadontha moti mvula ikayamba, nkhuku zinkathawira panja.

"Malatawa sakwera," anatero a Hosea. "Azungu akabwera adzaona chiyani?"

"Azungu ake ati, atate ake Damaris? Kuno ngakhale khansala safika."

Azungu sanabweredi. Amene ankagwa m'mbunamo anali aphunzitsi ochokera kutauni obwera kudzagula nkhuku. A Hosea ankawaimitsa pachingwe, jekete la ku Amereka lili pathupi dzuwa likuswa mtengo.

"Apa mukuona mzimayi wamakedzana akusinja chimanga. Chonde osamugwira."

"Mzimayi wamakedzanayo akufuna denga," ankayankha amai Jestina, munsi osauleka.

A Hosea anawaletsa akazi awowo kupita kuchigayo. Zidebe zapulasitiki anazibisa m'nkhokwe. Koma foni yawo, aa, imeneyo makolo analoleza. Ankaiponya mumtsuko alendo akafika. Tsiku lina ali mkati mofotokoza kuti makolo ankaitanizana ndi ng'oma, mtsuko unayamba kuimba nyimbo ya kwaya.

"Mizimu imeneyo," anatero, nkhope ili gwa. "Tiyeni tikaone chimbudzi."

Amai Jestina zinawakwana. Anamanga kamtolo, ulendo kwawo ku Tembwe. Asanapite patali anamva njinga ikulira kumbuyo, mkuluyo ali wefuwefu.

"Manje amake Damaris, myuziyamu yopanda inu ndani angaione?"

Chikwatiranireni, mawu achikondi amene anamvapo kwa mwamunayo anali omwewo. Anakwera pakaliyala akutukwana, koma anakwera.

Chifuwa chinawagwira a Hosea mvula ili pakati, madzi akudonthera pabulangeti. Akazi awo anawapempha akulira kuti alole ngakhale malata awiri pamwamba pa bedi.

"Tidikire dzinja lithe," anatero. "Mwina azungu abwera."

Dzinjalo sanalimalize. Ntchito yoyamba ya malata aja inali kutchingira mvula anthu a pamaliro awo, ndipo ambiri ankaseka misozi ili m'maso.

Manje nyumbayo ili ndi denga lonyezimira, yofanana ndi ina iliyonse ya m'mbali mwa msewu. Anthu apanjinga amangodutsa osacheuka. Amai Jestina amagona pouma, amapita kuchigayo mmene afunira, ndipo amanena poyera kuti mwamuna wawo anali chitsiru. Koma mvula ikamaomba pamalatapo amakhala pakhomo n'kuyamba kukangana nawo mokweza, poti phokosolo limabisa kuti palibe akuyankha.