Ndinalira Maliro a Apachani Iwo Ali Pampando

Lemba, Tadala mdzukulu wanga. Amayi a kumpingo nkhaniyi aipotoza kale, ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinathawa wopanda nsapato, ndiye bola ndiinene ndekha mwini manyazi. Kukomoka sindinakomoke. Za nsapatozo tifika.

Ine kuno ku Dublin ndinabwera kudzalera adzukulu, ana a mwana wanga Tiyamike, amene ndi nesi ku chipatala chachikulu chija cha ku Dublin 8. Adzukuluwo anakula, ine n'kutsala m'fulati ku Citywest kumangoyang'ana mvula pawindo. Sukulu sindinaipondeko. Chingerezi changa ndi sore ndi thenkyu, chathera pompo. Amalawi anzanga ali kutali, timaonana Lamulungu basi.

Khomo loyang'anana ndi lathu kuli banja la Amwenye. Ine Mmwenye ndinkamudziwa wa ku Limbe, wa kuseri kwa kauntala, woyeza nsalu. Sindinkadziwa kuti alipo ena opemphera kolona ngati ine, mpaka tsiku lomwe ndinakumana m'lifiti ndi gogo wa m'nyumbamo, kolona ili m'manja. Ndinatulutsa yanga. Chinzake chinayambira pomwepo. Ana awo amawaitana Amachi, amuna awo Apachani, nanenso ndinangotengera. Mwana wawo Bindu ndi nesi, amagwira limodzi ndi Tiyamike.

Teni koloko iliyonse Amachi ankagogoda, ife n'kutsetsereka kukakhala pabenchi pafupi ndi pokwerera Luas, kasitima ka m'tauni muno. Ine ndiyankhule Chichewa, iwo chakwawo, Chingerezi tonse mbuli. Ndinkawauza za miyendo yangayi, za munda wanga umene alamu anga akulima ngati wawo, iwo n'kumapendeketsa mutu uku ndi uku. Zaka ziwiri sitinakanganepo. (Usaseke iwe. Pali anthu amamvana chinenero koma sangakhale benchi imodzi.) Mnzanga m'dziko muno anali yekhayo.

Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha mayi awo chitakolekedwa nkhata ya maluwa, n'kuloza kumwamba. Ndinamva: kwawo chithunzi chikavala maluwa ndiye kuti mwini wake anatisiya. Ndinasunga mumtima, ndikudzitama kuti mwambo wa anzathu ndaudziwa.

Ndiye Apachani anadwala mtima, anawagoneka m'chipatala masabata awiri. Amachi anaonda ndikuona. Lachitatu lake teni koloko inakwana, kugogoda kulibe. Ileveni, zii. Tiyamike ali kuntchito, ana kulibe, ndili ndekha. Cha m'ma thwelofu ndinamva lifiti ikungokwera n'kutsika. Ndinasuzumira pakabowo ka pachitseko: Amwenye akulowa, amuna, akazi, ena atavala yunifomu ya kuchipatala, kuonetsa kuti athawa ntchito. Nsapato mulu pakhomo. Munthu amathawa ntchito masana Lachitatu chifukwa chiyani?

Ndinatuluka ngati ndikukataya zinyalala. Chitseko chawo chinali chotsekula pang'ono. Patebulo chithunzi cha bambo wa imvi, nkhata ya maluwa, kanyali kakuyaka. Magalasi ndinali nditawasiya pabedi, koma imvi ndinaziona bwinobwino. Azimayi akhala pansi, manja atawagwira pachifuwa, wina akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Onse chete, maso pa TV. Ndinati eya, abale akumudzi akutsatira mwambo pakanema, monga timachitira ifenso masiku ano, maliro a kwathu kumaonera pafoni.

Kwathu maliro sayitanira. Mnansi amene wamva kuti pakhomo pagwa zovuta iye n'kukhala m'nyumba, anthu amamuloza chala mpaka kufa kwake. Ndipo mnzanga analibe wina womulirira mokweza. Kuno anthu amalira ngati akuopa kudzutsa mwana.

Poyamba ndinaimbira Mayi Nachisale a ku Coolock, apampando a amayi a kumpingo kwathu. Nambala yawo Tadala anandiikira pa chithunzi, ndimangodina nkhope.

"Amayi, kuno kwagwa zovuta. Amuna a mnzanga uja, Mmwenye uja, atisiya."

"Mayo. Mwamva kwa ndani?"

"Ndaona ndi maso angawa. Anthu adzaza."

"Si Akatolika anzathu aja? Tikubwera. Inu tsogolani."

Ndinamanga chitenje, duku kumutu, n'kuwoloka. Nsapato ndinavula, mwambo ndikuudziwa. Ndipo ndinayambira pakhomo pomwepo monga timayambira kwathu, manja kumutu, mawu onse amene ndakhala ndikuwasunga m'dziko la kunong'ona lino.

"Mayo ine, bambo athu ine! Mwamusiyira ndani mnzanga m'dziko la eni?"

Ndinadumpha miyendo ya anthu mpaka ndinakagwa pa Amachi, n'kuwakumbatira. Iwo anadzidzimuka, kuyang'ana ine, kuyang'ana TV, kuyang'ananso ine. Bambo wina wa ndevu anatembenuka n'kuika chala pamlomo. Ine mumtima ndinati taonani, awanso azungu awaphunzitsa kuletsa anthu kulira. Ndinakweza. Ndinatchula ubwino wa malemu, mmene ankandigwirira chitseko cha lifiti, mmene anandikonzera ketulo osalandira kanthu. Chichewa changa palibe ankachimva, koma mayi wina wachikulire pakona anayamba kundithandiza, poganiza kuti ndaona choipa pakanemapo chimene iye sanachione.

Kenaka pa TV anthu anaomba m'manja, nyumba yonse n'kuphulika. Kudumpha, kukumbatirana, timbendera tatuluka sindikudziwa kuti, bambo wa ndevu uja akulira ngati mwana kwinaku akuseka. Ine ndili chogwada, pakamwa yasa, kulira kwandithera pakhosi. Ndinaganiza kuti mwina kwawo mzimu ukafika amaombera m'manja. (Lemba momwemo. Ndinaganizadi choncho.)

Ndiye wina anandigwira paphewa. Kutembenuka, Apachani. Ali pampando wawo kuseri kwa chitseko, bulangeti pamiyendo, akundipatsa kambale ka maswiti achikasu a kwawo. Ndinali nditawadutsa polowa, mwinanso kuwaponda. Anawatulutsa m'chipatala dzulo lake madzulo ine nditagona.

Ndinangoti Yesu Maria, n'kukhala pansi.

Bindu anayesa kundifotokozera, kuloza TV, kuloza kudenga, ine osatolapo kanthu. Anaimbira Tiyamike n'kundipatsa foni.

"Amayi, mwatani kumeneko?"

"Ndabwera pamaliro."

"A ndani?"

"A Apachani. Koma ali pano, akudya."

Tiyamike anati, "Amayi, anthuwo chombo cha dziko lawo chatera pamwezi. Anakuitanani, Bindu anandiuza sabata yatha, ine ndinaiwala ndi mashifitiwa."

"Mwezi uti?"

"Womwewu, amayi. Wa kumwamba."

"Nanga chithunzi cha maluwachi?"

"Ndi katswiri wawo wa zimenezo, anamwalira kalekale. Chonde bwererani kunyumba."

Ndinanena sore kwa aliyense, mpaka kwa TV, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Nsapato ndinavala, amene akuti ndinathawa wopanda nsapato akunama. Kungoti imodzi inali yanga, inayo ya bambo wina wa phazi ngati bwato. Ndinaibweza usiku wake, kuiika pakhomo mwakachetechete.

Mmene ndinkatuluka ndinawaona Amachi. Aliyense ankaseka, iwo ayi. Anali atawagwira dzanja amuna awo, nkhope ili gwa, osandiyang'ana.

Ndinadzitsekera, kumwa madzi, kugona chafufumimba. Za Mayi Nachisale ndinaiwaliratu. Kuchoka ku Coolock kufika kuno ndi basi kenaka Luas, ulendo wautali, ndiye patapita maola awiri ndinamva nyimbo ya maliro ikutuluka m'lifiti. Amayi atatu, mawu okoma bwino, atanyamula shuga, makabichi awiri ndi botolo la mafuta. Ndinathamanga kuti ndiwaletse, koma loko wa chitseko chathu amafuna kupotokola kawiri, ndipo mmene ndinkatsekula n'kuti Apachani atawatsekulira okha.

Chimene ndinachita sindinyadira. Ndinatsekanso chitseko n'kukabisala kubafa. Amayiwo analandiridwa bwino, anadya mpunga ndi nkhuku ya tsabola mpaka madzulo, anajambulitsa atanyamula mbendera ya eni ake. Pobwerera Mayi Nachisale anagogoda kwathu n'kunena pachitseko, "Agogo, zikomo potiitana. Maliro otere muzitiuza msanga."

Anthu anaseka sabata yonse, ine ayi. Lachinayi teni koloko, kugogoda kulibe. Lachisanu ndinapita ndekha pabenchi, ndinakhala mpaka matako kuzizira. Loweruka chimodzimodzi. Kwathu kulirira munthu wamoyo ndi kumulodza, makamaka wodwala. Ndinadziwa kuti Apachani akangoti atsikire kulichete mwezi womwewo, Amachi adzati ndinawaitanira ndine. Ndipo ndikanakhala ine ndikanatero.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinamuuza Tiyamike kuti unalakwitsa ndiwe, tiye ukandiyankhulire. Kupepesa kwenikweni kumafuna nkhuku. Kuno yamoyo sungaipeze, ndiye ndinagula ya m'shopu, youma ndi chisanu, yopanda mutu, n'kuikulunga m'chitenje kuti ioneke mwaulemu. Ndinagwada pakhomo mawondo akulira. Mawu ankayenda mtunda: ine kwa Tiyamike, Tiyamike kwa Bindu m'Chingerezi, Bindu kwa makolo ake m'chakwawo, kenaka kubwereranso njira yomweyo.

"Uwauze kuti ndinalakwa. Sindinafunse. Ndinaopa kuti mnzanga akulira yekha."

Amachi anayankha nthawi yaitali, akuyang'ana pansi. Zitafika kwa ine zinali zazifupi: madokotala anawauza kuti mtima wa bambowo watopa, ndipo chiwauzireni iwo sanalirepo, kuopa kuwafooketsa. Ndiye ine ndinabwera n'kulira zonse zimene ankabisa, pamaso pa anthu, pa tsiku limene bambowo analidikira moyo wawo wonse. Masiku atatuwo, akuti, akangoganiza za ine misozi imabwera, n'chifukwa chake sankagogoda.

Apa panalibenso chomasulira. Ndinasendera, iwo anasendera, tinalira tonse awiri pang'onopang'ono, nkhuku ikusungunuka pakati pathu.

Apachani anatidikira, kenaka anayamba yawo. Kani bambowa unyamata wawo wonse ankagwira ntchito kumalo kumene amapangira zombozo. Sanali bwana ayi, ankalumikiza timawaya. Akuti poyambirira zipangizo zina ankazinyamula panjinga, anthu a mayiko olemera n'kumaseka kuti amphawi akufunanji kumwamba. Ine ndinati uwauze kuti njinga ndikuidziwa, kwathu imanyamula makala ndi odwala. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatinso makina ena amene anawatumiza kumwambako ndi amene amachenjeza asodzi a kwawo namondwe asanafike. Pamenepo ndinakumbuka abale anga a ku Phalombe amene madzi anawapeza m'tulo. Kaduka kanandigwira pang'ono, sindibisa. Koma ndinawayang'ana manja awo, amene anandikonzera ketulo, ndipo ndinakondwa ngati chombocho chinali cha kwa amalume anga.

Potsiriza ananena kanthu kena, Bindu n'kuwamenya paphewa, osafuna kumasulira. Iwo anaumirira. Tiyamike atamva anagwira pakamwa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti chibwerereni kuno ankadandaula kuti adzafera m'dziko lozizira, lopanda owalira mokwanira. Ndiye amva mmene mumagwirira ntchito, akhutira. Akuti tsikulo likadzafika mudzabwere, ndipo za ketulo zija musadzazisiye."

"Za ketulo anazimva bwanji?"

"Akuti mawu oti ketulo okhawo ndi amene anawamva."

Amachi anawakalipira amuna awo m'chakwawo, koma akumwetulira, ndipo m'mawa mwake teni koloko chitseko chinagogodedwa.

Ntchitoyo ndinaivomera, munthu sungakane pempho la wodwala. Koma ndinamuuza Bindu kuti tsikulo adzabwere yekha adzandiuze pakamwa, Tiyamike ali pomwepo. Ndipo ngakhale atero, ine ndisanatsekule kukhosi ndidzayamba ndawagwira phazi bambowo, ndimve ngati lazizira.